ZA UMOYO M'MIDZI: Nkhokwe Yopanda Makwerero

Nkhokwe ingadzale bwanji, ngati mwini wake sanaikepo makwerero, ana a pakhomo adzagona ndi njala cimanga ali kuciona. Ndi mmenenso ziliri ndi ziwerengero za umoyo zimene Boma lisonkhanitsa ndi ndalama zambiri. Zikaikidwa poti anthu sangathe kuzifikira, nchito yonseyo yapita pacabe.

Muno m'Zambia, ofesi ya ziwerengero, imene kale inali Central Statistical Office ndipo tsopano ichedwa Zambia Statistics Agency, igwirizana ndi Unduna wa za Umoyo pocita kafukufuku wa umoyo wa mabanja. Ocita kafukufukuyo ayenda khomo ndi khomo kufunsa amai za uzimai, za katemera ndi za imfa za ana. Kafukufuku woyamba wa 1992 anaonetsa kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 191 anali kufa asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2018 ciwerengeroco cinatsika kufika pa 61. M'caka comweco kunapezeka kuti mwa ana 100, ana 35 anali opinimbira cifukwa ca kupelewera kwa cakudya.

Masiku ano ziwerengero zotere ziikidwa pa intaneti, pa malo amene achedwa webusaiti, kuti aliyense wokhala ndi kompyuta kapena lamya ya m'manja aziwerenge. Koma kuika cinthu poyera sikutanthauza kuti anthu acipeza. Umboni wa ici unaoneka ku Britain. M'caka ca 2011 ofesi ya ziwerengero ya kumeneko, Office for National Statistics, imene iwerenga ana obadwa ndi anthu omwalira, inatsegula webusaiti yatsopano. Atolankhani ndi anthu ophunzira omwe anadandaula kuti anali kusokera m'menemo, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo anadzudzula. Ofesiyo inamanganso webusaitiyo, iri kuiyesa kwa anthu pang'onopang'ono, mpaka inaitsegula mu February 2016.

Kodi kuyesako kucitika bwanji? Omanga webusaiti aitana munthu amene sanaigwiritseko nchito, namukhazika pansi ndi kumupatsa nchito imodzi yomveka bwino, monga kupeza ciwerengero ca ana opinimbira m'cigawo ca Kum'mawa. Amuuza poyamba kuti woyesedwa si iye ai koma webusaitiyo, kuti asacite manyazi. Ampemphanso kuti azilankhula mokweza zonse zimene aganiza pofufuza. Pamenepo omangawo akhala cete. Saloledwa kumulozera njira, ngakhale aone kuti wasokera. Iwo angolemba pamene waima, mau amene amusokoneza, ndi mphindi zimene zapita asanapeze yankho kapena asanagwe ulesi.

Kukhala ceteko ndiko kovuta koposa, pakuti womanga nyumba adziwa khomo liri lonse, ndipo kwa iye zonse zioneka zapafupi. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Munthu wacilendo aphunthwa pa citsa cimene eni mudzi anazolowera kucilambalala.

Nchitoyi sifuna khamu la anthu. Katswiri wina wobadwira ku Denmark, Jakob Nielsen, analemba m'caka ca 2000 kuti anthu asanu okha akhoza kuulula zolakwa pafupifupi 85 mwa 100 ziri zonse. Uphungu wace unali wakuti ayese ndi anthu ocepa, akonze zolakwazo, ndipo ayesenso ndi ena.

Zolakwa zimene zipezeka kawirikawiri nzodziwika. Mitu ya nkhani ilembedwa m'mau a akatswiri. Yankho lobisika m'buku la masamba mazana ambiri licedwa kutsika pa lamya kumene netiweki ndi yofooka, ndipo ndalama za intaneti zitha munthu asanaone kanthu. Coopsa koposa ndi kuwerenga molakwa. Munthu angaone 61 naganiza kuti ndi ana 61 mwa 100, pamene ndi mwa 1,000. Woyesa amene angokondwera kuti munthu wafika pa tsamba loyenera, osamufunsa tanthauzo la cimene wawerenga, sanatsirize nchito yace.

Nkhaniyi ikhudza anthu a m'midzi cifukwa ziwerengero ndizo zitsogolera kagawidwe ka mankhwala, anamwino ndi zipatala. Khansala wa ku Katete kapena Chadiza wopita ku msonkhano atanyamula ciwerengero coona amveka kuposa wongodandaula pakamwa. Cimodzimodzinso makomiti a za umoyo m'midzi, mafumu ndi anyakwawa.

Cifukwa cace poyesa mawebusaiti a Boma, oyesedwawo asakhale anyamata a m'maofesi a ku Lusaka okha. Pakhalenso namwino wa pa cipatala caling'ono ca kumudzi, mphunzitsi wa ku Lundazi, ndi mai wa m'komiti amene Cizungu acidziwa pang'ono, aliyense pa lamya yace yomwe ndi pa malo pamene akhala.

Nawonso anthu amene alephera kupeza ciwerengero asadziyese mbuli ndi kungokhala cete. Ayenera kudziwitsa a ofesi ya za umoyo ya pa boma lao pamene asokera. Mayankho aja anacokera m'makomo mwao, ndipo ayenera kubwerera komweko m'njira imene eni ake angaimve.