Galimoto Yakale Isayende Popanda Kandodo Kopimira Oilo

M'mafamu a ku Lilayi, kumwera kwa mzinda wa Lusaka, mukali kuyenda magalimoto a m'masiku a Kaunda, monga Land Rover ndi Peugeot 504. Ndiwo anyamula matimati ndi repu kupita ku msika wa Soweto, ndiwonso athamangitsa wodwala ku cipatala ca UTH pakati pa usiku. Akulu anati mako ndi mako angacepe mwendo. Motero galimoto yotere iyenera kusungidwa bwino, pakuti mlimi wamba alibe ndalama zogulira ina.

Cobvutitsa ncakuti ena mwa magalimoto amenewa anataya kale kandodo kopimira oilo, kamene amakanika amati dipisitiki. Pa kabowo kake eni ake angotsekapo ndi nsanza kapena citsononkho, ndipo oilo athira mongoganizira. Uku ndi kusewera ndi cuma ca banja.

Oilo ndiye afewetsa zitsulo za m'injini ndi kuziziziritsa. Injini yokalamba imatentha oilo wina pamodzi ndi petulo, winanso amadontha pansi. Akacepa, pampu imakoka mpweya, zitsulo zimakhulana zouma, ndipo posacedwa anthu amva kuti injini yanoka. Pamenepo matimati aolera m'mbali mwa mseu wa ku Kafue, ndalama za feteleza zithera kwa makanika.

Ena ati nyali yofiira ya patsogolo pa dalaivala ikwanira. Iai. Nyali ija ionetsa kuti mphamvu yokankha oilo yagwa, siionetsa kuculuka kwake. Pamene iyaka, kawiri-kawiri zitsulo zayamba kale kudyana. Enanso ati kuli bwino kungothira wambiri. Naconso ncolakwa, cifukwa oilo wopitirira muyeso amacita thobvu, nayamba kutulukira m'masilo.

Bvutoli si la lero. Ford Model T, imene inapangidwa ku America kuyambira 1908 kufikira 1927, inalibe kandodo. Inali ndi timipopi tiwiri kunsi kwa injini, kena pamwamba kena pansi, ndipo mwini wake anali kugwada ndi kutitsegula kuti aone kumene oilo atulukire. Ena amene asunga magalimoto amenewo lero anaikamo kandodo kapena kapaipi kagalasi, poona kuti nchito yobvuta munthu amaizengereza.

Kuika kandodo sikufuna maphunziro apamwamba. Cabwino koposa ndi kupeza ka injini ya mtundu womwewo, pakuti ka galimoto ina kasiyana kutalika ndipo kanama. Kakasowa, makanika angasule kena. Aimike galimoto pamalo osapendekeka, akhuthule oilo yense, athire muyeso wolembedwa m'buku la galimotoyo, alize injini pang'ono, naizime. Patapita mphindi 10 alowetse kandodo ndi kudinda cizindikiro pamene oilo walekezera. Kandodoko kakhale ndi cotsekera cothina, cifukwa fumbi la mu September ndi October likalowa limapala injini ngati mcenga.

Cotsala ndi mwambo. M'mawa uliwonse, injini isanalire, mwini galimoto asolole kandodo, akapukute, akabwezere, ndi kusololanso kuti aone. Nchito imeneyi siitha mphindi 2. Safunsa anadya phula. Mlimi wa ku Lilayi ayambe wafunsa injini yake asanakweze katundu.