Tikoke Kompyuta Monga Tinakokera Madzi a M'phiri

Ndapempha danga m'magazini yathu ino kuti ndinenepo maganizo anga pa nkhani ya kompyuta. M'masukulu ndi m'maparishi angapo amene ndawaona kwathu ku Mulanje, kompyuta yamphamvu imakhala imodzi yokha, ndipo imakhala mu ofesi, yofunditsidwa nsalu, chitseko chokhoma. Imalemba makalata ndi kuwerengera ndalama kwa kanthawi, kenaka tsiku lonse imangogona. Kuseri kwa khoma lomwelo ana akuphunzira za kompyuta pojambula kiyibodi m'kope. Ganizo langa ndi lakuti tisadikire wachifundo wodzatipatsa makompyuta makumi anayi. Imodzi yomwe tili nayoyo tiikokere ku laibulale kapena m'kalasi, bokosi lake litsale mu ofesi momwe lili lotetezeka.

Ife a ku Mulanje nzeru yotere si yachilendo. Ntchito yokoka madzi a m'mapiri ndi mapaipi inayamba ku Chingale m'boma la Zomba m'chaka cha 1968, ndipo posakhalitsa inafika kwathu ku Chambe ndi madera ena ozungulira phiri. Agogo athu sanapemphe kuti mudzi uliwonse ukhale ndi kasupe wakewake. Anatchinga madzi pamalo amodzi kumtunda, nakumba okha ngalande ndi makasu, nayala mapaipi, ndipo mipopi inatuluka madzi m'midzi yakutali popanda injini. Gwero linali limodzi, potungira pambiri. Zimenezi n'zothekanso ndi kompyuta.

Poyamba tidziwe kuti chimene timachitcha kompyuta chili ndi mbali zitatu. Pali bokosi lomwe limasunga zinthu ndi kuwerengera, pali sikirini yomwe imationetsa zimene bokosilo likuchita, ndiponso pali kiyibodi ndi mausi zomwe timalilamulira nazo. Palibe lamulo lakuti zitatuzi zikhale pa tebulo limodzi. Ndipotu kale sizinkakhala pamodzi ayi. M'chaka cha 1964 ophunzira a pa Dartmouth College ku America anayamba kugwiritsa ntchito kompyuta imodzi yaikulu ambiri nthawi imodzi, aliyense ali pa makina ake otayipira olumikizidwa ndi waya. Kompyuta inali yodula zedi masiku amenewo, choncho ankagawana. Kwa ife idakali yodula mpaka lero, nanga tilekerenji kugawana?

Njira zake zilipo zitatu. Yoyamba ndi yotalikitsa mawaya. Pano pafunika kusamala, chifukwa waya uliwonse uli ndi polekezera pake. Waya wamba wa USB, womwe kiyibodi ndi mausi zimayendera, sudalirika ukapitirira mamita 5. Waya wa HDMI wopita ku sikirini umayamba kuvuta ukapitirira mamita 10 kapena 15, chithunzi chimaphethira kapena kuzimiratu. Kaamba ka ichi amisiri anapanga timabokosi tiwiri totchedwa KVM extender. Kamodzi kamakhala pafupi ndi kompyuta mu ofesi, kenako kamakhala m'chipinda china pamodzi ndi sikirini, kiyibodi ndi mausi, ndipo pakati pake pamayenda waya umodzi wa netiweki wa mtundu wa Cat6. Tamphamvu timafika mamita 100, totchipa timalekezera pafupi. Munthu wokhala ku laibulale amaona ndi kulamula kompyuta ya mu ofesi ngati ali nayo pamaso. Koma njira iyi imalola munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Ndi yabwino kwa mphunzitsi amene akufuna kuonetsa kalasi lonse mapu, chithunzi cha mtima wa munthu kapena masamu pa sikirini yaikulu.

Njira yachiwiri ndi ya pulogalamu. Ngati pali kompyuta ina yakale, yofooka, imene anthu anaitaya kale mtima, ingathe kukhala ngati zenera loonera yamphamvu ija. Pulogalamu yotchedwa VNC, imene inapangidwa ku Cambridge ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, imachita zimenezi, ndipo Windows ili ndi yakeyake yotchedwa Remote Desktop. Chofunika ndi waya wa netiweki wolumikiza ziwirizo basi. Intaneti sifunika, ndalama ya bandulo sifunika.

Njira yachitatu ndiyo imene ine ndikuikonda kwambiri pa sukulu ngati yathu. Kompyuta imodzi yamphamvu imatumikira ophunzira angapo nthawi imodzi, aliyense ndi sikirini yake, kiyibodi yake ndi dzina lake lolowera. Pulogalamu yaulere ya Linux Terminal Server Project yakhala ikuchita zimenezi kuyambira 1999. Kampani ya NComputing imagulitsa timabokosi ta ntchito yomweyi, ndipo kakompyuta kakang'ono ngati sopo kotchedwa Raspberry Pi, kamene kanatuluka mu 2012, nakonso kangathe kukhala pa desiki m'malo mwa bokosi lalikulu. Wofuna kuchita izi pa Windows ayambe wafunsa za chilolezo chake, popeza kugawana kotere kuli ndi malipiro ake, ndipo sikoyenera kuti nyumba yophunzitsa ansembe iyambe ndi kuba.

Wina afunsa kuti popanda intaneti tizikawerengamo chiyani? Pulogalamu yaulere ya Kiwix imasunga Wikipedia yonse m'bokosi, ndipo munthu amaiwerenga popanda kulumikiza kwina kulikonse. Momwemonso tingasungemo mabuku a sayansi, madikishonale a Chingerezi ndi Chilatini, Katekisimu wa Eklezia Katolika, zikalata za Msonkhano Wachiwiri wa Vatican ndi makalata a maepiskopi athu, kuphatikizapo kalata ija ya Lenti ya 1992 imene tonse timaimva kutchulidwa koma ochepa tinaiwerenga. Buku limodzi la papepala limawerengedwa ndi mmodzi, enafe n'kumadikira sabata yathunthu. Buku lomwelo likakhala m'bokosi, asanu angaliwerenge madzulo amodzi.

Tsono ndikudziwa kuti akuluakulu athu ali ndi zifukwa zokhomera chitseko, ndipo zifukwazo si zachabe. Choyamba ndi chinsinsi. Mu kompyuta ya ku parishi muli maina a obatizidwa, nkhani za maukwati ndi ndalama za mtulo. Mu ya ku sukulu muli mayeso, malikisi ndi malipoti a khalidwe la wophunzira aliyense. Ndi zoona kuti njira yoyamba ija imaonetsa ku laibulale chilichonse chimene chatsegulidwa mu ofesi, ndipo mlembi akaiwala kutseka, chinsinsi chonse chili pabwalo. Yankho lake ndi lakuti aliyense akhale ndi dzina lake lolowera ndi mawu ake achinsinsi, ndipo waya wopita ku laibulale uzilumikizidwa ndi mwini ofesi yekha pa maola odziwika. Koma ine ndingapitirire apo. Mayeso ndi malipoti asakhale konse m'bokosi logawana. Zimenezi n'zopepuka, kalaputopu kakale kangazisunge m'kabati ya Abambo Rector. Bokosi lamphamvu lipite kumene kukufunika mphamvu, ndiko kwa ophunzira.

Chachiwiri ndi mantha akuti anyamata aziona zosayenera ndi kutaya nthawi ya mapemphero ndi maphunziro. Mantha awa ndikuwamvetsa. Komabe tinene zoona pamaso pa makolo athu: pa tchuthi timakumana ndi mafoni a abale ndi anzathu, ndipo kumeneko kulibe belu, kulibe woyang'anira. Kodi chabwino n'chiti, kuti mnyamata aphunzire kudziletsa pa sikirini yoyang'ana kuchitseko, m'chipinda chowala, anzake ali pambali, kapena akaphunzire yekha mumdima? Mmera m'poyamba. Ubwino wa bokosi limodzi ndi wakuti woyang'anira amayang'ana malo amodzi. Iye ndiye amasankha zoikamo, iye ndiye amatsegula ndi kutseka intaneti ngati ilipo, ndipo belu la mapemphero likalira amazimitsa pamodzi, masikirini onse n'kuda.

Eklezia mwini wake sanatiuze kuti tithawe zida zimenezi. Chikalata cha Inter Mirifica, chimene Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unatulutsa pa 4 December 1963, chinapempha kuti ansembe, amonke, asisteri ndi akhristu eni ake aphunzitsidwe za zida zofalitsira nkhani, ndipo chinatchula masukulu achikatolika ndi maseminale monga malo ophunzitsira kagwiritsidwe ntchito kake koyenera. Mu 2002 ku Vatican kunatulukanso chikalata chonena za Eklezia ndi intaneti. Ndipo pa 7 September 2025 Apapa Leo XIV analengeza kuti Carlo Acutis ndi woyera. Iyeyu anali mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, msinkhu wa anzathu a Fomu 2, ndipo luso lake la kompyuta analigwiritsa ntchito posonkhanitsa mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia. Akanangojambula kiyibodi m'kope, ntchito imeneyo sakanaigwira.

Chachitatu ndi nyengo ya kwathu. Mulanje ndi dera la mvula yambiri ndi mphenzi. Waya wa kopa woyenda panja kuchoka nyumba ina kupita ina ungathe kutenga mphamvu ya mphenzi yogwa pafupi n'kuotcha zida za mbali zonse ziwiri. Walira mvula walira matope, choncho tikonzekere. Ngati n'kotheka tisankhe chipinda cha m'nyumba yomweyo momwe muli ofesi. Ngati waya ayenera kutuluka panja, alowe m'paipi ya pulasitiki yokwiriridwa bwino, kuti chinyezi, chiswe ndi makoswe zisamufike, ndipo pakhale lamulo lakuti kukayamba kugunda woyang'anira azule mawaya onse. Ndalama zikalola, pakati pa nyumba ziwiri payende waya wa faiba, popeza ndi wagalasi ndipo sanyamula magetsi.

Nkhani ya magetsi ndiyo ikundilimbitsa mtima koposa. Tikukumbuka kuti mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yopitirira chaka magetsi ankangothimathima. Chipinda cha mabokosi makumi awiri chimafuna jenereta ndi mafuta. Bokosi limodzi ndi masikirini ochepa a masiku ano zingathe kuyenda ndi sola ndi mabatire, chifukwa timabokosi tating'ono tija timadya magetsi ochepa ngati babu. Ngakhale kumidzi kumene nthambo za ESCOM sizinafike, monga ku Bondo kumene bungwe la MEGA limapanga magetsi kuchokera ku mtsinje wa Lichenya, mphamvu yotere ndi yopezeka.

Chachinayi, ndipo ichi sindingachibise, n'chakuti bokosi limodzilo likafa, onse afera pamodzi. Tinaziona ndi madzi mu March 2023, pamene namondwe Freddy anakokolola mapaipi m'mphepete mwa phiri: gwero litaonongeka, mipopi ya kumunsi inauma. Phunziro lake si lakuti tisiye mipopi, koma lakuti tisamalire gwero. Zonse za m'bokosi zizikoperedwa pa chosungira china mwezi ndi mwezi. Pakhale kathumba ka ndalama zokonzetsera. Pakhalenso kagulu ka ophunzira ndi mphunzitsi mmodzi kodziwa kupukuta fumbi, kuyesa mawaya ndi kulemba m'kope vuto lililonse, monga m'midzi muli makomiti a mipopi. Ndipo a Fomu 4 asachoke asanaphunzitse a Fomu 2, kuti nzeru isatuluke pa geti pamodzi ndi sutikesi.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira chonchi? Bungwe la MANEB limayesa phunziro la kompyuta pa mayeso a MSCE, ndipo phunziro limeneli silimveka popanda kugwira ndi manja. Komanso tonse tikudziwa kuti si onse olowa seminale yaing'ono amene amafika pa guwa. Ena a ife tidzapita ku Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba, kumene tidzayenera kulemba nkhani zazitali za maphunziro. Ena tidzapita ku yunivesite kapena kukafuna ntchito. Konseko adzatifunsa ngati timatha kutayipa. Ndipo amene adzakhale bambo mfumu adzapeza mabuku a parishi, ndalama za sukulu ndi makalata a ku dayosizi zikumudikira pa sikirini. Mnyamata wa mumzinda anazolowera kale kunyumba kwawo. Amene akutsalira ndi mwana wa mayi wothyola tiyi, yemwe makolo ake analipira fizi ndi thukuta.

Tsono pempho langa ndi ili. Kwa Abambo Rector ndi aphunzitsi athu, tiyese ndi chipinda chimodzi kwa teremu imodzi, ndipo ngati tiphwanya malamulo, muzule waya, sitidzadandaula. Kwa abambo mfumu a m'maparishi athu, kompyuta ya mu ofesi ingathe kufika mu holo, kuti akatekisiti, atsogoleri a miphakati ndi achinyamata aphunzirepo masana a Loweruka. Kwa makolo ndi akale a pa sukulu pano, pamene mukufuna kutithandiza, funsani amisiri awiri kapena atatu mtengo wa sikirini, kiyibodi ndi waya, muyerekeze ndi mtengo wa makompyuta athunthu, ndipo mudzaona nokha kumene ndalama yanu ingafikire ana ambiri. Kwa abale anga aseminale, ngalande ya paipi tidzakumbe tokha pa nthawi ya ntchito zamanja, monga anachitira agogo athu, ndipo tikapatsidwa mpata tisunge nthawi, tisambe m'manja, timupatseko malo mnzathu wa Fomu 1. Mutu umodzi susenza denga.