Kompyuta imajambula bwino, koma kuganiza nʼkwanu

Ophunzira ambiri amandifunsa kuti, "Aphunzitsi, poti kompyuta ikutha kuwerengera chilichonse, masamu ovutawa ndi a chiyaninso?" Yankho langa ndi ili: munthu wosadziwa physics, kompyuta imamunamiza mosavuta. Ndikupatsani chitsanzo.

Mu mkaka, mu penti ndi mʼmadzi amatope muli tinthu tatingʼonotingʼono toyandama, tosaoneka ndi maso. Timatchedwa ma colloid. Madzi akakhala ndi mchere wambiri mbali imodzi ndi wochepa mbali ina, tinthuti timayamba kuyenda tokha, popanda pampu kapena batire. Kuyenda kumeneku kumatchedwa diffusiophoresis, ndipo Boris Derjaguin ndi anzake a ku Soviet Union anakufotokoza mu 1947.

Chimatikankha nʼchiyani? Mchere wa pakhomo ukasungunuka umagawika kukhala ma ion a sodium ndi a chloride. Onse amafalikira kupita komwe mchere uli wochepa, koma a chloride amathamanga kuposa anzawo. Kusiyana liwiroku kumabala mphamvu yamagetsi pangʼono mʼmadzimo, ndipo kanthu kokhala ndi chaji ya negative kamakokeredwa komwe mchere uli wambiri. Mukaika potassium chloride mʼmalo mwake, ma ion ake awiri amayenda pafupifupi liwiro limodzi, ndiye mphamvu ija imachepa kwambiri.

Si nkhani ya mʼmabuku chabe ayi. Mu 2018 Sangwoo Shin, Patrick Warren ndi Howard Stone anaonetsa kuti potsukuluza zovala ndi madzi oyera, kusiyana kwa sopo wotsala mkati mwa ulusi ndi madzi a kunja kumathandiza kutulutsa litsiro mʼtimipata momwe madzi sadutsa.

Akatswiri amayesa zimenezi pa mapulogalamu ngati COMSOL Multiphysics. Umajambula kanjira kamadzi, pulogalamuyo nʼkukagawa mʼtizigawo tambirimbiri. Kenaka imawerengera zinthu zitatu pamodzi: kuyenda kwa madzi, kufalikira kwa mchere, ndi kuyenda kwa tinthu tija. Pamapeto imatulutsa chithunzi chokongola cha mitundumitundu.

Msampha uli apa. Liwiro la tinthuti limadalira mmene logarithm ya kuchuluka kwa mchere ikusinthira. Eya, logarithm yomwe ija mumaidandaula mʼkalasi. Tanthauzo lake nʼlakuti chofunika ndi "kangati", osati "ndi zingati": kuchoka pa 1 kufika pa 10 nʼchimodzimodzi ndi kuchoka pa 10 kufika pa 100. Tsono wina akalemba kuti mbali ya madzi oyera mchere ndi 0, watchera msampha yekha, chifukwa logarithm ya 0 kulibe. Pulogalamuyo imaima, kapena imapereka liwiro lopanda mutu. Wodziwa physics amakumbukira kuti ngakhale madzi oyera bwanji amakhala ndi ma ion pangʼono, ndiye amaika nambala yaingʼono yoyenera.

Ena anena kuti pulogalamu imapulumutsa nthawi ndi ndalama. Nʼzoona ndithu, ndipo ndikufuna nonse mudzaphunzire kuigwiritsa ntchito. Koma imangoyankha funso lomwe mwaifunsa. Funso likapotoka, yankho limapotokanso, chithunzi chili chokongolabe.

Choncho musanakhulupirire chithunzi chilichonse, lembani kaye papepala: tinthuti tiyenera kulowera kuti, ndipo chifukwa chiyani? Kompyuta ikatsutsana nanu, fufuzani mpaka mupeze amene walakwa. Ntchito imeneyo palibe makina angakugwirireni.