Fisi, Mbuzi ndi Kaimidwe ka Mawu

Aliyense amene anakhalako pabwalo la akulu ku Mkanda, kumene ife a ku Mchinji ndi abale athu a ku Chipata timayankhula chinenero chimodzi ngakhale malire anatigawa, adziwa kuti munthu akhoza kunena kuti "fisi anaigwira mbuzi," kapena "mbuzi anaigwira fisi," kapenanso "anaigwira mbuzi fisi," ndipo palibe womva amene adzakayika za chimene chinadyedwa. Pakuti ka "i" kaja kokhala m'kati mwa mneni "anaigwira" ndiko kaloza mbuzi paliponse pamene yaima, monga anafotokozera akatswiri a zinenero Sam Mchombo ndi Joan Bresnan m'chaka cha 1987. Chingerezi sichitero ayi: mukasinthanitsa mayina awiriwo, mbuzi ndiyo isanduka chilombo. Zinenero zina nazonso zili ndi kaimidwe kakekake: Chijapani chimasunga mneni kufikira kumapeto, pamene Chihebri cha m'Malembo Oyera chimakonda kumuika patsogolo. Tsono popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, ndikupemphani inu aphunzitsi athu, musafulumire kudzudzula mwana wopotoza chiganizo cha Chingerezi; yambani mwamuonetsa kuti ufulu umene chinenero cha makolo ake chinampatsa, Chingerezi sichiupereka.

— Mlembi wa ku Mkanda