ZA M'NYUMBA MWATHU: Mchenga Kapena Timiyala Pansi pa Nsomba?

Masiku ano mabanja ena ayamba kuweta nsomba zokongola m'bokosi lagalasi, kuti ana aziziona ndi kuphunzira makhalidwe ake. Bokosi lotere lidya ndalama, ndipo nsomba zikafa msanga, mwini wake ataya chuma ndi mtima womwe. Tsono lero tinene za chinthu chimene ambiri achiyesa chaching'ono: kodi pansi pa bokosi tiyalepo mchenga kapena timiyala? Ife titi, wosankha akhale nsomba. Musanatole kanthu, yambani mwadziwa kumene nsombayo idachokera ndi m'mene imadyera.

Tiyambe ndi za kwathu. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka koposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo mtundu uliwonse uli ndi pokhala pake. Mbuna, zimene dzina lake lidachokera ku Chitonga, zikhala pakati pa miyala, nizidya ndere zomera pamiyalapo. Chisawasawa chikhala pansi pofewa. Chimatapa mchenga ndi kukamwa, nichisankhamo tizilombo todya, mchengawo nkutulukira m'mbali mwa mutu momwe nsomba ipumira. Chambo chachimuna chikonza chisa chake pamchenga kuti chachikazi chidzaikirepo mazira. Nsomba zotapa ndi zokumba zotere zifuna mchenga. Mukaziyalira miyala yaikulu zilephera kudya monga mwa chibadwa chawo, ndipo miyala yakuthwa izipweteka pakamwa. Chimodzimodzi timilamba tating'ono ta ku South America totchedwa Corydoras: ndevu zake zimene tifufuzira chakudya zitha pang'onopang'ono pa miyala yakuthwa ndi yauve.

Koma mchenga uli ndi malamulo ake. Njere zake zithinana, kotero kuti madzi sayenda bwino m'kati mwake. Mukauyala wambiri, pansi pake pada bii, nipatuluka mpweya wonunkha ngati dzira lowola, umene uli poizoni kwa nsomba. Chifukwa chake kuya kwake kusapitirire masentimita 3, ndipo sabata iliyonse muziutakasa pang'ono ndi zala zosamba bwino. Bokosi la masentimita 90 m'litali ndi 30 m'lifupi lifuna mchenga wa malita 8 okha, wosafika theka la ndowa ya malita 20. Pewaninso mchenga wosalala ngati ufa, pakuti uuluka m'madzi, nulowa m'pampu yosefa madzi ndi kuiwononga. Ubwino wa mchenga ndi wakuti zonyansa zikhala pamwamba poonekera, ndipo sizivuta kuchotsa.

Timiyala tiyenera nsomba zosambira pakati ndi pamwamba pa madzi, zosakumba, monga guppy ndi neon tetra. Tikhale tosalala ngati nsangalabwi za mumtsinje, ta mamilimita 3 kufika 5, ndiko kuti ngati njere za mapira. Madzi ayenda bwino pakati pake, ndipo mizu ya zomera za m'madzi igwira. Vuto lake ndi lakuti chakudya chotsala ndi ndowe za nsomba zigwera m'mipata, niziwolera momwemo osaoneka. Wosankha timiyala adziwiretu kuti sabata iliyonse adzayenera kukoka zonyansazo ndi kapaipi, pamene achotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi ndi kuthiramo ena. Miyala yophwanya yomangira nyumba ndi yakuthwa, musaigwiritse ntchito. Ndipo timiyala topaka utoto timene ana atikonda m'sitolo, mutiyang'anitsitse: utoto wosalimba usuluka m'madzi. Akulu adati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chinanso ndi ichi: mwala wina usintha madzi. Dontezani vinega pa mwala kapena pa mchenga wouma. Ukachita thovu, muli laimu kapena zigoba za nkhono. Madzi a Nyanja ya Malawi afika pafupifupi 8 pa muyeso wa pH, chotero mchenga wa laimu uzikomera nsomba za kwathu. Koma neon tetra idachokera ku mitsinje ya Amazon, kumene madzi ake ali pansi pa 7, ndipo laimu iivutitsa. Musaike nsomba za mbali ziwirizi m'bokosi limodzi.

Tsono kodi mchengawo tiutenge kuti? Wa mumtsinje ndi wabwino, koma makolo, apa mutchere khutu. M'madzi odikha mukhala nkhono zimene zisunga tizilombo ta likodzo, ndipo mwana wolowa m'madzimo akhoza kutenga matendawa kudzera pakhungu. Musatume ana kukatapa m'madzi. Katapeni nokha pouma. Pewani mchenga wa kumunsi kwa minda ndi madimba othiridwa feteleza kapena mankhwala ophera tizilombo, ndi wosakanizika ndi simenti. Musakatolenso kanthu m'paki ya Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, imene idakhazikitsidwa mu 1980, nilembedwa ndi UNESCO mu 1984 pa malo ofunika a dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha nsomba zake.

Mutafika nawo kunyumba, usefeni kuchotsa zinyalala, kenaka muutsuke m'ndowa pang'onopang'ono, kuthira madzi ndi kutaya, kufikira madzi atayera mbee. Ntchitoyi itenga nthawi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Sopo asakhudzeko konse. Potsiriza uwiritseni mumphika kuti nkhono ndi mazira ake zife, nimuusiye uzizire. Miyala yaikulu yokha musaiike pamoto, pakuti ina iphulika. Itsukeni ndi burashi.

Poyala, oweta mbuna akumbukire kuyamba ndi miyala yaikulu, ikhazikike pansi penipeni, mchenga ubwere pambuyo mozungulira. Mbuna zikumba kunsi kwa miyala, ndipo mwala wokhala pamwamba pa mchenga ukhoza kugubuduka ndi kuswa galasi, madzi onse nkutayikira m'nyumba usiku.

Mawu otsiriza ndi awa. Pakapita masabata angapo, pa mchenga, pa timiyala ndi m'sefa pamera tizilombo tosaoneka ndi maso timene tisandutsa poizoni wa m'ndowe za nsomba kukhala chinthu chosaopsa kwambiri. Tizilomboti ndi antchito anu. Chotero musatulutse mchenga wonse kukautsuka tsiku limodzi, ndipo musautsuke ndi madzi a kumpopi okhala ndi klorini, chifukwa mudzapha antchitowo, nsomba nkuyamba kufa madzi ali oyera.

Mwezi wamawa tidzanena za kadyetsedwe ka nsombazi. Tsalani bwino.