Nkhokwe za Makompyuta Nazo Zimafuna Mpweya

Pa 19 Julaye 2022, kutentha ku Britain kunapitirira madigiri 40 kwa nthawi yoyamba chiyambire kuyeza nyengo kumeneko. Tsiku lomwelo, makina oziziritsa zipinda za makompyuta pa zipatala za Guy's ndi St Thomas' mumzinda wa London anagonja. Makompyuta osunga mbiri ya odwala anazima, ndipo madokotala ndi anamwino anabwerera ku pepala ndi cholembera kwa masabata angapo.

Makompyuta otere amatchedwa maseva, ndipo ndiwo nkhokwe za uthenga. Ndalama zimene mwana wanu wakutumizirani pafoni zimawerengedwa ndi kusungidwa m'makina ngati amenewa. Kotero nkhani ya ku London si yakutali monga ikumvekera.

M'kati mwa seva muli kachipangizo kotchedwa RAID controller. Kameneka ndi kapitawo wa madisiki: kamagawa uthenga m'madisiki angapo kuti imodzi ikafa, zolembedwa zisatayike. Chodabwitsa n'chakuti kapitawo wofunika chonchi nthawi zambiri alibe fani yakeyake. Amadalira mphepo yolowera kumaso kwa seva n'kutulukira kumbuyo, ndipo poti kawirikawiri amakhala chakumbuyo, mphepoyo imamupeza itafunda kale. Akatenthedwa amayamba kuphonya, mwinanso kulekeratu ntchito, madisiki onse ali bwinobwino. Batire yake, yoteteza uthenga umene usanalembedwe pamene magetsi athima, nayonso imafooka msanga m'chifundizi.

Bungwe la akatswiri la ASHRAE limalangiza kuti mphepo yolowa mu seva ikhale pakati pa madigiri 18 ndi 27. Ndikaganiza za maofesi athu aang'ono, a makopaletivi ndi a zipatala zakumudzi, mtima umandiwawa. Poopa akuba, seva timaitsekera m'kachipinda kopanda zenera, denga la malata, mwezi wa Okutobala. Wina wachifundo amaifunditsa chitenje kuti isalowe fumbi! Mlimi amene sangayerekeze kuunjika fodya wachinyezi osamutembenuza, ameneyo akumvetsa kale vutoli.

Chotsani chitenjecho. Seva italikirane ndi khoma, ikhale pamwamba osati pansi pamene pamadzaza fumbi, ndipo chivundikiro chake chikhale chotseka, chifukwa mukachitsegula mphepo imabalalika osafika pamene ikufunika. Wokonza makompyuta akabwera, musangomufunsa ngati ikuyaka. Muuzeni apukute fumbi, aone ngati mafani onse akuzungulira, ndipo akuwerengereni madigiri a kapitawo uja, inu mulembe m'kope pamodzi ndi tsiku lake.