ZA SINGANO YA DZANZI KWA AMAI OCHITIDWA OPARESHONI

Mwezi uno tikambe za amai amene apita ku chipatala kukang'ambidwa pamimba, kaya kukachotsedwa chiberekero chifukwa cha zotupa zotayitsa magazi, kaya chifukwa cha nthenda zina za amai. Nchito ya dotolo ikatha, masiku oyamba ndiwo a ululu woopsya. Ndipo ululuwo suli chinthu chongopirira ai. Mai womva kuwawa aopa kupuma mozama, aopa kukhosomola, ndipo makhololo akhala m'chifuwa nadzetsa chibayo. Aopanso kudzuka pamphasa, ndipo magazi angathe kuundana m'miyendo.

Kale lonse mankhwala a ululu waukulu anali morphine. Ndi mankhwala amphamvu ndithu, koma abwera ndi nseru, tulo tambiri ndi kudzimbidwa, ndipo akachuluka afooketsa kupuma. Tsono madotolo anafuna njira yotsekera ululu panjira pomwe, usanafike kumutu. Pakuti ululu uyenda m'mitsempha yoyera yonga ulusi, monga mthenga athamanga ndi mau kunka kwa mfumu. Mukamuimitsa mthengayo padambo, mfumu siimva kanthu. M'chaka cha 1884 Carl Koller wa ku Vienna anachititsa diso dzanzi ndi cocaine, ndipo posachedwa William Halsted wa ku New York anayamba kulasa mankhwalawo pafupi ndi mtsempha weniweni. Lero agwiritsa nchito ena ofatsa, monga bupivacaine.

Njira ya pamimba, imene madotolo aitcha TAP, anaifotokoza dotolo Rafi m'chaka cha 2001. Khoma la mimba m'mbalimu liri ndi minofu itatu yosanjikizana, ndipo mitsempha ya ululu ipita pakati pa wachiwiri ndi wachitatu. Dotolo wogoneka odwala alasa singano m'nthiti mwa mimba, pakati pa nthiti yotsiriza ndi pfupa la chiuno, nathira mankhwala pampata umenewo. Kawirikawiri atero mbali zonse ziwiri. Kumene kuli makina ounikira m'mimba, aona nsonga ya singano ikuyenda. Si zipatala zonse ziri nayo njirayi, koma kufunsa sikulakwa.

Apa mumvetsetse bwino, pakuti ambiri asokonezeka. Singanoyi iziziritsa khungu ndi minofu, ndiko kuti chilonda cha kunja. Ululu wa m'kati, wopotokola, wochokera pamene panali chiberekero, uyenda m'mitsempha yina imene mankhwalawa saifika. Chifukwa chake mai akati, m'kati mukundipweteka, musanene kuti dotolo walephera, kapena kuti pali dzanja la munthu. Apatsidwe paracetamol ndi mankhwala ena amene dotolo walemba, pa nthawi yake, osadikira kuti ululu uyambe wakula. Ndiponso dzanzilo silikhalitsa: litha patapita maola angapo, kawirikawiri tsiku lisanathe, ndipo nthawi zambiri litha usiku, anamwino ali ochepa.

Tidziwa kuti amai athu analangizidwa kuti mkazi salira. Enanso ayesa kuti kulandira mankhwala a ululu ndi kuthawa mtanda. Sichoncho: Papa Pius XII, polankhula kwa madotolo ogoneka odwala m'chaka cha 1957, anaphunzitsa kuti kuchepetsa ululu ndi mankhwala nkololedwa kwa mkristu. Mai wobisa ululu anamiza namwino amene afuna kumthandiza.

Inu odikira odwala, anakubala ndi alamu amene mugona pansi pa bedi, maso anu akhale pa ola loyamba atalasidwa singano. Mankhwalawa akalowa m'magazi mochuluka, chimene chichitika kamodzikamodzi, mai amva kulira m'makutu, dzanzi pamilomo, kukoma kwa chitsulo m'kamwa, kapena chizungulire ndi kunjenjemera. Mukaona chimodzi cha izi, thamangirani namwino pomwepo. Ndipo m'mawa mwake, namwino akalola, mumgwire mkono mai wanuyo, aike mtsamiro pachilonda pokhosomola, ayende pang'ono kufika pakhomo la chipinda ndi kubwerera.